Kodi matchalitchi ndi zinyumba zakale za ku England anazimangira Mulungu kapena ankangodzionetsera?

Mayi wina wa kwathu amene akugwira ntchito yosamalira okalamba kumpoto kwa England watilembera kuti pa tsiku lake lopuma anapita kukaona tchalitchi chachikulu cha mumzinda wa Durham, kenako anayendera matchalitchi ang'onoang'ono a m'midzi ndiponso chinyumba china cha anthu olemera akale chimene masiku ano alendo amalowamo polipira. Akufuna kudziwa ngati anthu amene ankamanga nyumba zimenezi ankachitiradi Mulungu kapena ankangofuna kuonetsa chuma ndi mphamvu zawo. Akudabwanso kuti n'chifukwa chiyani ziboliboli zambiri za m'matchalitchimo zilibe mitu pamene zithunzi za mafumu ndi za eni nyumba zili bwinobwino.

Mayi, mafunso anu awiriwa akuyendera limodzi. Kwa zaka mazanamazana, munthu wa ku England amene ankafuna kuti anzake amulemekeze, adani ake amuope, ndiponso kuti Mulungu amukhululukire machimo, zonsezi ankazifunafuna pa khomo limodzi, khomo la tchalitchi. M'zaka za m'ma 1500 chuma chija chinatuluka m'tchalitchi n'kulowa m'manja mwa mfumu ndi anthu ake, ndipo mitu yoduka ya ziboliboli imene munaona ndi chipsera cha nthawi imeneyo.

Tiyambire pa Durham pomwepo, chifukwa palibe malo ena amene nkhaniyi imaonekera poyera chotero. William wa ku Normandy, chigawo cha kumpoto kwa France, atagonjetsa dziko la England mu 1066, anthu akumpoto anakana kumugonjera. Mu 1069 anthu a ku Durham anapha mkulu amene William anawatumizira kudzawalamulira pamodzi ndi asilikali ake, ndipo mfumuyo inabwezera powotcha midzi ndi minda m'chigawo chonse moti anthu ochuluka anafa ndi njala. Linga la Durham linayamba kumangidwa mu 1072, ndipo mu 1093 Bishopu William wa ku St Calais anayambitsa ntchito yomanga tchalitchi chimene munalowamo chija, imene inatha cha m'ma 1133. Kumbukirani mmene nyumba ziwirizi zakhalira, linga ndi tchalitchi moyandikana pamwamba pa thanthwe limene mtsinje wa Wear walizungulira pafupifupi mbali zonse. Mlimi wa Chingerezi akadzutsa mutu ali kumunda ankaona zonse ziwiri nthawi imodzi, ndipo mwini wake anali mmodzi, popeza bishopu wa Durham ankaloledwa kukhala ndi asilikali ake, mabwalo ake a milandu, ngakhalenso kusula ndalama zake. Zipilala zikuluzikulu za m'katimo, zimene munthu mmodzi sangazikumbatire, zija anazilemba mizere yokhotakhota ndi ya mabokosi, zimanyamula denga la miyala limene linali chodabwitsa pa nthawiyo, komanso zinkauza ogonjetsedwawo kuti alendowa abwera kudzakhazikika.

Komabe kungakhale kulakwa kunena kuti tchalitchichi chinali linga lobisala m'chipembedzo. Anachimangira pa manda a Cuthbert Woyera, amene anamwalira mu 687 ndipo anthu akumpoto ankamukonda kuposa mfumu iliyonse. Anthu a ku Normandy ankakhulupirira mphamvu za Cuthbert monga ankachitira Angereziwo, ndipo ankadziwanso kuti wosunga mafupa ake ndiye wosunga mitima ya anthu. Chikhulupiriro ndi ndale zinali m'mutu mwa munthu mmodzi popanda kukangana. Ngati mudzabwerereko, mudzayang'ane mpando wa bishopu umene Thomas Hatfield, amene anamwalira mu 1381, anamangitsa pamwamba pa manda ake omwe, wautali moti wokhalapo amayang'ana mpingo wonse pansi. Mudzayang'anenso pansi chakukhomo, pamene pali mzere wa mwala wakuda: amayi sankaloledwa kuudumpha mzere umenewo kulowera kuguwa. Nyumbayo inkauza aliyense malo ake, ndipo inu mukanakhalapo masiku amenewo mukanathera pomwepo.

Ku Canterbury ndiye kumaoneka mmene woyera ankasandukira chuma. Pa 29 December 1170 asilikali anayi a Mfumu Henry II anapha Akibishopu Thomas Becket m'tchalitchi mwake momwe, chifukwa cha mkangano wonena za amene ayenera kuweruza ansembe akalakwa, mfumu kapena mpingo. Mu 1173 Papa analengeza kuti Becket ndi woyera, ndipo chaka chotsatira mfumu ija inayenda chosavala nsapato kupita kumanda ake, amonke n'kuikwapula monga chilango cha kulapa. Chaka chomwecho, 1174, moto unawononga mbali ya kum'mawa kwa tchalitchicho, ndipo mmisiri wa ku France, William wa ku Sens, anaimanganso m'kamangidwe katsopano ka makomo osongoka ndi mazenera aatali. Anthu ankabwera kuchokera kutali kudzapemphera pa manda a Becket, aliyense ndi kangachepe m'manja, ndipo masitepe okwerera kumandako anadyeka mpaka kuchita dzenje chifukwa cha mapazi ndi maondo awo. M'mazenera a galasi lamitundumitundu ozungulira malowo anajambulamo anthu wamba amene akuti anachiritsidwa ndi Becket. Mazenera amenewa anali chiphunzitso kwa osadziwa kuwerenga, ndipo ndinganene mosaopa kuti analinso njira yoitanira alendo ena ndi zopereka zawo.

Mafumu nawo anaphunzirapo kanthu. Henry III anayamba kumanganso tchalitchi cha Westminster Abbey ku London mu 1245 kuti ikhale nyumba ya woyera wa banja lachifumu, Edward the Confessor, ndiponso malo olongera ufumu ndi oikamo mafumu. Mpando wolongerapo ufumu umene uli kumeneko anaupangitsa ndi Edward I kuti pansi pake pakhale mwala wopatulika umene analanda ku Scotland mu 1296, kutanthauza kuti mfumu iliyonse ya England ikamavekedwa chisoti ikhale itakhalira ufumu wa anzawowo. Mwalawo unabwezedwa ku Scotland mu 1996. Ndipo mukadzafika ku National Gallery, nyumba yoonetseramo zithunzi mu London, mudzafunefune kachithunzi kopinda pawiri kotchedwa Wilton Diptych, kojambulidwa cha m'ma 1395. Mbali ina Mfumu Richard II yagwada, oyera atatu ataima kumbuyo kwake, ndipo mbali inayo kuli Maria ndi mwana Yesu pakati pa angelo. Mukayandikira mudzaona kuti mngelo aliyense wavala pachifuwa chizindikiro cha Richard, kagwape koyera, ngati kuti angelo akumwamba ndi antchito a kunyumba ya mfumuyo. Utoto wobiriwira ngati thambo wa zovala zawo unapangidwa kuchokera ku mwala wa ku Afghanistan umene unali wodula kwambiri. Richard anachotsedwa pampando mu 1399.

Koma gawo limene ine ndimaliona kuti limayankha bwino funso lanu ndi la matchalitchi a m'midzi, makamaka a m'zigawo za Suffolk ndi Cotswolds, kumene mumapeza tchalitchi chachikulu ngati cha bishopu m'mudzi wa anthu owerengeka. Chuma cha England pa nthawiyo chinali ubweya wa nkhosa ndi nsalu zake, ndipo mpaka lero wotsogolera zokambirana m'nyumba ya House of Lords, imene ndi mbali imodzi ya Nyumba ya Malamulo, amakhala pa mtsamiro waukulu wodzaza ubweya pokumbukira zimenezi. Amalonda a ubweya atalemera, ndalama zawo anazithira m'matchalitchi a kwawo. Ku Long Melford, kumene tchalitchi chinamangidwanso chakumapeto kwa zaka za m'ma 1400, mayina a opereka ndalama analembedwa m'miyala kuzungulira khoma lakunja, ndipo mawu ake amapempha wodutsa kuti apempherere mzimu wa uje ndi mkazi wake amene analipira gawo limeneli. Ku Lavenham, mudzi woyandikana nawo, nsanja ya tchalitchi ndi yaitali mamita 43, ndipo pamakoma pake pali zizindikiro za mabanja awiri: nyenyezi ya banja la de Vere, eni dziko akalekale, ndi chizindikiro cha banja la Spring, ogulitsa nsalu amene anali atangolemera kumene. Ku Northleach amalonda anajambulidwa pa zitsulo za pamanda awo mapazi atapondetsa pa nkhosa kapena pa thumba la ubweya, pamene msilikali wa banja lomveka ankapondetsa pa mkango.

Kuti timvetse anthu amenewa tiyenera kudziwa chimene ankaopa. Mpingo unkaphunzitsa kuti mizimu yambiri imayamba yadutsa ku Puligatoriyo kukayeretsedwa m'masautso, ndipo mapemphero ndi Misa za amoyo zimafupikitsa nthawi imeneyo. Wamalonda ankadziwa bwino mawu a Yesu onena za ngamila ndi diso la singano, ndipo ankadziwanso njira zimene chuma chake chinabwerera. Choncho ankasiya munda kapena nyumba kuti phindu lake lizilipira wansembe wochita Misa ya mzimu wake tsiku ndi tsiku, m'kachipinda kake kapadera m'tchalitchimo. Dzina lolembedwa pakhoma linali pempho lenileni la munthu wamantha, chifukwa mzimu wopanda dzina ndani angaupempherere? Koma dzina lomwelo linkaonedwanso ndi mudzi wonse, ndi wamalonda mnzake wa mudzi wotsatira amene nsanja yake inali yaifupi. Aliyense amene anakhalapo pa mwambo wa Pepala Sande kwathu, mayina ndi ndalama zikuwerengedwa mokweza, akudziwa kuti munthu angathe kupereka mochokera pansi pa mtima kwinaku akumvetsera ngati dzina lake lamveka bwino. Sindikuona chifukwa choweruzira anthu a ku Lavenham kuti anali achinyengo. Chimene ndimadandaula nacho n'chakuti opota ulusi, oluka nsalu ndi abusa a nkhosa, amene thukuta lawo ndi limene linasanduka miyala imeneyi, salembedwa paliponse.

Tsopano tifike pa mitu yoduka ija. Papa atakana kuthetsa ukwati wa Henry VIII ndi Catherine wa ku Aragon, lamulo la mu 1534 linalengeza kuti mfumu ndiyo mutu wa mpingo wa ku England. Mu 1535 nduna yake Thomas Cromwell inatumiza anthu kukalemba chuma cha mpingo m'dziko lonse, ndipo kuyambira 1536 mpaka 1540 nyumba za amonke ndi masisitere zoposa 800 zinatsekedwa, minda yake n'kulandidwa. Mtovu wa pamadenga anausungunula, mabelu anawagulitsa, ndipo makoma anasanduka pokatapa miyala. Fountains Abbey ya ku Yorkshire, imene amonke anaiyambitsa mu 1132 n'kulemera ndi nkhosa, inatsekedwa mu 1539, ndipo bwinja lake mungathe kukaliona chifukwa si kutali kwenikweni ndi kumene muliko. Mkulu wa amonke a ku Glastonbury, Richard Whiting, amene anali wokalamba, ananyongedwa paphiri loyang'anana ndi nyumba yake chaka chomwecho. Manda a Becket anaphwasulidwa mu 1538, golide ndi miyala yamtengo wapatali n'kupita kwa mfumu, popeza Henry sakanalola kuti anthu azigwadira wansembe amene anatsutsa mfumu.

Mu ulamuliro wa mwana wake Edward VI, kuyambira 1547, nkhaniyi inasanduka ya chiphunzitso. Atsogoleri a Chipulotesitanti ankati ziboliboli ndi mafano oletsedwa m'malamulo khumi, ndipo anakana za Puligatoriyo, choncho Misa za akufa zija zinathetsedwa, chuma chake n'kulandidwanso. Ophwanyawo nthawi zambiri ankalimbana ndi nkhope ndi manja, chifukwa ndizo zimene wopemphera ankayang'ana, ndipo chiboliboli chosiyidwa chopanda mutu chinkachitira umboni kuti woyera uja walephera kudziteteza. M'chipinda cha Maria cha pa tchalitchi chachikulu cha mumzinda wa Ely muli tiziboliboli tambirimbiri tosemedwa mwaluso, ndipo pafupifupi tonse tinadulidwa mitu. Ntchitoyi inabwerezedwa pa nkhondo yapachiweniweni ya pakati pa mfumu ndi Nyumba ya Malamulo, pamene William Dowsing anayendera matchalitchi a ku Suffolk ndi Cambridgeshire mu 1643 ndi 1644, akulemba m'buku lake zimene waphwanya pa tchalitchi chilichonse. Musaganize tsono kuti ophwanyawo anali anthu osapembedza. Ambiri a iwo ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti akuyeretsa nyumba ya Mulungu, monga mmene osemawo ankakhulupirira kuti akuikongoletsa.

Zithunzi za m'makoma anazipaka laimu, n'kulembapo mavesi a m'Baibulo. M'mudzi wa Wenhaston ku Suffolk, mu 1892, amisiri okonza tchalitchi anachotsa matabwa akale opakidwa laimu n'kuwasiya panja, ndipo usiku kutagwa mvula laimuyo anasukuluka, pansi pake n'kutuluka chithunzi cha tsiku lachiweruzo. Pa chithunzicho Petro Woyera akulandira mfumu, mfumukazi, bishopu ndi kadinala, onse ali mbulanda, atangotsala ndi zisoti kumutu kuti adziwike, pamene mbali inayo ochimwa akukokedwa ndi unyolo kulowa m'kamwa mwa chilombo. Luso la m'tchalitchi linkathanso kuwakumbutsa akuluakulu kuti nawonso adzaimirira pa mlandu. Pamalo pamene pankakhala mtanda ndi chithunzi chotere, matchalitchi ambiri anapachikapo chizindikiro cha ufumu, ndipo m'matchalitchi a m'midzi amene mukuyendawo mudzachipezabe, mkango mbali ina ndi nyama ya nyanga imodzi mbali inayo.

Minda ya amonke ija mfumu inaigulitsa kapena kuigawira anthu ake, ndipo apa ndi pamene panayambira zambiri mwa zinyumba zikuluzikulu za kumidzi. N'chifukwa chake zina mwa izo, monga Woburn Abbey ndi Lacock Abbey, zimatchedwabe ndi dzina la nyumba ya amonke kapena masisitere ngakhale munkakhala mabanja. Amisiri a zojambula, amene analibenso oyera oti ajambule, anatembenukira kwa mafumu ndi olemera. Hans Holbein anajambula Henry VIII mu 1537 ataima chotangadza miyendo, mapewa atatambasuka, akuyang'ana woonerayo m'maso. Elizabeth I, pa chithunzi chokumbukira kugonja kwa zombo za Spain mu 1588, waika dzanja lake pa mpira wa dziko lapansi. Ku Derbyshire kuli Hardwick Hall, imene mayi wina wotchuka ndi dzina loti Bess of Hardwick anamangitsa kuyambira 1590 mpaka 1597, atakwatiwa kanayi n'kumalemera ukwati uliwonse. Galasi linali lodula, choncho iye analamula mazenera aakulu moti anthu ankati nyumbayo yachuluka galasi kuposa khoma, ndipo mazenerawo amanka nakula mukamakwera m'mwamba, kumene kunali zipinda zolandiriramo alendo olemekezeka, pamene antchito ankakhala pansi. Pamwamba pa nsanja zake, pamalo pamene zaka 100 m'mbuyomo pakanakhala mtanda, anaikapo zilembo za dzina lake laulemu la Elizabeth Shrewsbury, E ndi S, zosemedwa m'mwala zooneka patali.

Kudzikweza kwa mafumu kunafika pachimake m'nyumba ya Banqueting House mu London, imene Inigo Jones anamanga kuyambira 1619 mpaka 1622 potsanzira kamangidwe ka Aroma akale. Charles I analemba ntchito Peter Paul Rubens kuti ajambule kudenga kwake bambo ake, James I, akukwezedwa kupita kumwamba, pofuna kuphunzitsa kuti mfumu imaikidwa ndi Mulungu ndipo siyankha kwa munthu aliyense. Zithunzizo zinaikidwa mu 1636. Pa 30 January 1649 Charles yemweyo, atagonja pa nkhondo yolimbana ndi Nyumba ya Malamulo, anadutsitsidwa m'nyumba imeneyi kupita panja pamene anakamudula mutu.

Za chinyumba chimene munalowamo polipira chija, simunatchule dzina lake, koma funso loyenera kufunsa m'nyumba iliyonse yotere ndi lakuti ndalama zinachokera kuti. Zina zinachokera ku lendi ya minda, zina ku malasha, zina ku nkhondo, monga Blenheim Palace imene dziko linapatsa John Churchill pomuthokoza chifukwa chopambana nkhondo mu 1704. Zina zinachokera ku ukapolo. Harewood House, pafupi ndi Leeds, inamangidwa kuyambira 1759 mpaka 1771 ndi Edwin Lascelles, amene banja lake linalemera ndi shuga wolimidwa ndi akapolo a ku Africa pa zilumba za Caribbean, makamaka Barbados. M'katimo muli mipando yopangidwa ndi mmisiri Thomas Chippendale ndi zipinda zokongoletsedwa ndi Robert Adam, ndipo kunja kuli kapinga, mitengo ndi nyanja zimene Capability Brown anakonza kuti zizioneka ngati zinamera zokha. Ukapolo utathetsedwa ndi lamulo la mu 1833, boma linapereka mapaundi 20 miliyoni ngati chipukuta misozi kwa eni akapolo, kuphatikizapo banja la Lascelles, koma akapolowo sanalandire kalikonse. Kukongola kwa malo oterewa kunkafuna kuti ntchito ndi ogwira ntchito asaoneke. Ku Milton Abbas ku Dorset, mwini malo Joseph Damer anafika pogwetsa tauni yonse imene inali pafupi ndi nyumba yake m'zaka za m'ma 1770, n'kusamutsira anthu kuchigwa china kumene sangawaone akasuzumira pazenera.

M'zaka za m'ma 1800 Angerezi anabwereranso ku kamangidwe ka matchalitchi akale aja, chifukwa ankaona kuti ndiko kamangidwe ka Chikhristu ndiponso ka mtundu wawo. Nyumba ya Malamulo itapsa mu 1834, Charles Barry ndi Augustus Pugin anaimanganso ndi nsanja ndi mazenera osongoka ngati tchalitchi, ndipo amalonda a thonje a ku Manchester anachitanso chimodzimodzi pa holo ya mzinda wawo, imene inatsegulidwa mu 1877, pansi pake atajambulapo njuchi ndi maluwa a thonje. Maganizo amenewa, akuti nyumba ya Mulungu iyenera kukhala yaikulu ndi yogometsa woiona, anawoloka nyanja pamodzi ndi amishonale a mpingo wa Anglican a bungwe la UMCA, ndipo ndi amene anabala tchalitchi cha St Peter pa chilumba cha Likoma, chimene ntchito yake inayamba mu 1903.

Ngati mudzapite ku Westminster Abbey, pakati pa njira yaikulu yolowera mudzapeza mwala wa manda a David Livingstone, amene anaikidwa kumeneko mu 1874 pakati pa mafumu ndi akuluakulu a dziko, mtima wake utatsala kwa Chitambo m'dziko limene lero ndi Zambia. Mawu a pamwalawo amanena kuti thupi lake linabweretsedwa ndi manja okhulupirika kudutsa pamtunda ndi panyanja. Manja amenewo anali a Susi, Chuma ndi anzawo, amene ananyamula mtembowo kwa miyezi yambiri mpaka kukafika ku Bagamoyo, koma mayina awo pamwalapo palibe.